Khutu Lakumanzere la a Chisale

Anandilanda penate. Ndiyambire pomwepo, chifukwa abusa andiuza kuti ndinene zoona, ndipo zoona zake ndi zimenezo. Inali penate, aliyense amene anali pabwalo tsiku limenelo akudziwa, koma sanandipatse.

Mwazolowera kuti woima pano ayambe ndi kutamanda Ambuye katatu, inu n'kumavomera. Atamandike ndithu, koma kamodzi kakwana. Ndachokera kumunda, ndatopa, ndipo ena mwa inu kumbuyoko mukununkha zomwe ndinkanunkha ine. Musatembenuke kuyang'ana anzanu. Fungo limenelo ndimalidziwa ngakhale munthu atatafuna masamba a ndimu. Ndikulankhula ndi inuyo.

Dzina langa ndine Fanuwelo. Makolo anga ndi a ku Phalombe, koma ine ndinabadwira kuno, pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Santhe, m'nyumba za udzu za matenanti. Amene simuudziwa utenanti, ndi uwu: munda ndi wa bwana, mbewu ndi ya bwana, feteleza ndi wa bwana, fodya yense ndi wa bwana. Wako ndi msana. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, chaka chimene bambo anayamba kudwala chifuwa. Kapitawo anabwera pakhomo kudzanena kuti banja lopanda manja okwanira lichoke, malo alowe ena. Mawa lake ine ndinali ku nazale, ndowa yothirira ili m'manja. Malaya anga a sukulu mayi anawang'amba n'kukhala zigamba.

Chimene ndinatsala nacho chinali mpira. Sindidzitama, koma ndinkautha. Timu yathu inali ya ana a matenanti okhaokha, majezi osiyana mitundu, nsapato zobwerekana. Matimu a m'midzi ankatitcha obwera. Tikamalowa m'bwalo ankakuwa kuti, "Mwasamba koma? Phula la fodya lisatidetsere mpira." Ife tinkayankha ndi zigoli. Chaka chimenecho mkulu wina wofuna mavoti anaika chikho, ndipo tinamenya matimu onse mpaka kufika ndime yomaliza. Kunamveka kuti kubwera munthu wa timu ina yaikulu ya ku Lilongwe kudzaona osewera. Anabweradi. Anamukhazika pampando pansi pa mtengo, atavala magalasi akuda. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mumtima ndinali nditatsanzika kale chigafa cha bambo choumitsiramo fodya.

Woyimbira mpirawo anali a Chisale, mphunzitsi wopuma wa pulayimale, mkulu wa mpingo uno. Akhala apo, pampando wachitatu. Mukawaona atapendeketsa mutu, sikuti akugona. Akumvera ndi khutu limene linatsala.

Mpira unali pafupi kutha, wopanda chigoli. Ndinalandira mpira pakati, ndinadutsa awiri, ndinalowa m'bokosi. Goloboyi anatuluka n'kudziponya, ndinamulambalala. Pomwepo wotchinga kumbuyo wawo anandikoka jezi n'kundipinga mwendo wakumanzere. Ndinapepesuka, ndinakhala pansi, n'kukweza manja kudikira wezulo. Wezulo sinalire. Wina anafika n'kuumenyera mpira kutchire. Bwalo lonse linaseka.

Ndinadzuka, ndinathamangira a Chisale, ndinawamenya khofi limodzi kukhutu lakumanzere ndi mphamvu yonse ya munthu wolima mizere. Anagwa. M'khutu munatuluka magazi. Mpira unathera pomwepo, chikho anapatsa enawo, ndipo munthu wa magalasi uja sindinamuonenso.

Zotsatira zake ndizithamangitsa, chifukwa ambiri a inu njira yake mukuidziwa. Ndinagona m'chitokosi cha apolisi masiku anayi. A Chisale anakathetsa mlandu, ine n'kumati athetsa chifukwa akudziwa kuti anandibera. Komiti ya mipira ya m'dera lino inandiletsa kusewera zaka zitatu. Loweruka loyamba lopanda mpira ndinapita kwa mayi wina wotcheza kachasu. Loweruka lachiwiri ndinapitanso. Pofika nthawi yookera fodya sindinkadikiranso Loweruka.

Kachasu safuna mbiri ya munthu, amafuna chogulira. Ine chogulira ndinalibe, koma m'chigafa cha bambo munali fodya. Lamulungu lililonse makolo akapita kutchalitchi, ine ndinkatsala n'kumati mutu ukundipweteka. Ndinkalowa m'chigafa n'kusolola masamba pakatikati pa ndodo zopachikapo fodya, kenako n'kusendeza otsalawo kuti mpata usaoneke. Mavenda a njinga ankandidikira kudambo ndi sikelo yawo yabodza. Ndinachita zimenezi nyengo yonse. Pobwera kutchalitchi mayi ankandigwira pamphumi kuti aone ngati thupi latentha.

Kapitawo si mwana. Anagwira venda wina ndi fodya, venda analoza chigafa chathu. Bwana anaitanitsa bambo pamaso pa matenanti onse. Ine ndinaima kumbuyo. Anawafunsa katatu kuti wagulitsa fodya ndani. Bambo ankadziwa. Anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anati, "Ndine, bwana." Munthu amene anakhala pa esiteti imeneyo zaka zoposa makumi awiri osatola ngakhale msomali anachoka ndi dzina la wakuba. Pokweza katundu pa lole yobwerera ku Phalombe ndinanyamula mphasa kuti ndiponyemo, bambo anandilanda.

"Iwe tsala," anatero. "Kwanu ndi kuno. Unadzigulira wekha."

Ndinatsaladi. Ndinasamukira pa Santhe, kugona pakhonde la chigayo, kutsitsa matumba tsiku la msika, kumwera zonse dzuwa lisanapendeke. Nsapato zanga za mpira ndinasinthanitsa ndi botolo limodzi. Aliyense wokhala nane pafupi ndinkamufotokozera za penate ija, mpaka dzina la Fanuwelo linafa, anthu anayamba kunditcha Penate. Kenako anatulukira masewera. Munthu akafuna kuseka ankati, "Penate, tagwa tikugulire." Ine ndinkaimirira, kuthamanga pang'ono ngati ndili ndi mpira, kudzipinga ndekha, kukhala pansi m'fumbi n'kukweza manja. Anthu ankaseka mpaka misozi, wina n'kundithirira kakapu. Tsiku labwino ndinkagwa kasanu. Ena muli muno munandigulirapo. Sindikutchulani, ingodziwani kuti nkhope sindinaiwale.

Ndinakhala choncho zaka ziwiri. Mukafuna kudziwa pansi penipeni, ndi pamenepo. Si chitokosi ayi. Ndi kugwa kofuna wekha, masana, pamsika, kuti akugulire.

Apa ndiye ndichedwapo pang'ono.

Linali tsiku la msika, mwezi wotentha, cha m'ma leveni m'mawa. Anyamata a kabaza anandiitana pamalo pawo oimikira njinga. Ndinachita zanga zija, kuthamanga, kudzipinga, kukhala pansi, manja m'mwamba. Koma kuseka kunali kochepa. Nditacheuka ndinaona matayala a njinga yakale ataima pafupi ndi mapazi anga. Mwini wake anali a Chisale, thumba la chimanga chokagayitsa lili pakaliyala. Kuyambira tsiku la khofi lija ndinkawathawa, ndikawaona patali ndinkalowa kuseri kwa magolosale. Tsiku limeneli ndinali pansi, pothawira panalibe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Sunagwe choncho."

Ndinatsitsa manja.

"Ndati sunagwe choncho. Mwendo wakumanja unali chiimire. Unachita kuupinda wekha."

Anyamata a kabaza anayamba kusuntha njinga zawo mmodzimmodzi. Ine mkwiyo unandikwera mpaka m'maso. Ndinati, "Inali penate, madala."

Anatembenuza mutu kuti andipatse khutu lakumanja. "Wati chiyani? Mbali iyi unatseka."

"Ndati inali penate."

"Inali," anatero.

Zaka ziwiri ndinkalota tsiku limene munthu ameneyu adzavomere. Ndinkaganiza kuti ndidzavina. Koma atavomera, zinangokhala ngati ndaponda pomwe palibe sitepe.

"Nanga bwanji simunaimbe? Chifukwa ndine mwana wa tenanti?"

Anaimika njinga bwinobwino, kuonetsetsa kuti thumba lisagwe, kenako anakhala pa njerwa pafupi nane. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, kukhala pa njerwa ndi chidakwa pamsika.

"Ndinaona akukukoka, ndinaona akukupinga," anatero. "Koma ndinaonanso mpira uli patsogolo pako, phazi limodzi lokha. Goloboyi ali chigonere kumbuyo kwako. Golo lili pululu, loti ngakhale nkhuku ikanagoletsa. Penate munthu amatha kuiphonya, koma pamene unali iwe panalibe kuphonya. Ndiye ndinatambasula manja onse awiri n'kukuwa kuti pitiriza. Ndinakuwa kawiri. Iwe unali utakhala kale pansi, ukuyang'ana ine m'malo moyang'ana mpira."

Malamulo a mpira ndimawadziwa, sindine mbuli. Ndinati, "Ngati munapereka mwayi ine osaugwiritsa, lamulo limati mubwerere pa cholakwa chija. Mukanaimbabe."

Ndinaganiza kuti sanamve, ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze.

"Ndamva," anatero. "Pamenepo ndinalakwa ine. Wezulo inali pakamwa, ndinayang'ana khamu la anthu a kwathu, mpweya unakana kutuluka. Ndinachita mantha. Zimenezo ndinalapa kwa Mulungu kalekale, ndipo lero ndikulapa kwa iwe. Pepa, Fanuwelo. Zanga ndi zimenezo. Zako ndi izi: unakhala pansi mpira uli pamwendo. Ndipo ndikuona kuti sunadzukebe."

Panali patatha zaka ziwiri osamva munthu akunditchula dzina langa lenileni. Sindinalire, musayembekezere zimenezo. Ndinangoyang'ana fumbi lomwe linali pa mawondo anga.

"Sindinabwere kudzakulalikira," anapitiriza. "Ndili ndi vuto. Anthu amaganiza kuti mpira timayimbira ndi maso okha. Bodza. Nsapato ikagunda mpira imalira mwina, ikagunda fupa la munthu imalira mwina. Mpira ukakhudza mwendo usanatuluke pamamveka kaphokoso, ndi pamene umadziwira kuti ndi kona. Kuyambira tsiku lija, chilichonse chochitika kumanzere kwanga ndimangoona ngati kanema wopanda mawu. Ndalakwitsa zambiri, matimu akudandaula. Khutu ili unatseka ndiwe. Ubwere Loweruka udzandimverere."

"Anandiletsa mpira."

"Anakuletsa kusewera. Kunyamula mbendera sanakuletse, ndafunsa. Bwalo la kusukulu, thu koloko. Ubwere usanamwe. Ukamwa usabwere, ndiika wina."

Anakwera njinga n'kumapita kuchigayo. Sanapemphere nane, sanandigwire paphewa, sanandisiyire ngakhale chogulira mandasi.

Loweruka loyamba sindinapite. Ndinamwa dala m'mawa kuti ndikhale ndi chifukwa. Lachiwiri ndinapita, osati chifukwa cha kulapa, koma chifukwa mawu aja akuti sunadzukebe ankandiyabwa ngati chitedze. Ndinkafuna kukawaonetsa madalawo kuti ndikhoza kuima.

Mbendera yake inali kansalu kofiira komangirira ku kamtengo. Anthu atandiona kumzere anayamba. "A Chisale, mwalemba fisi ntchito yolondera mbuzi?" Wina anati, "Tetezani khutu linalo, madala." Winanso anati, "Penate, tagwa." Ndinaluma mano. A Chisale sanawamve, onsewo anali kumanzere kwawo. Ndinawamvera ndine, monga mwa pangano.

Ntchito ya mbendera ndi yonyozeka. Umathamanga chammbali ngati nkhanu, dzuwa likukuwomba kumaso, palibe wokuchemerera. Ukakweza molondola palibe amaona, ukalakwitsa amatukwana mayi ako. Koma ndinayamba kumva zomwe a Chisale ankanena. Fupa limalira mwina ndithu. Ndikamva, ndinkakweza kansalu, iwo n'kuyang'ana kwa ine, wezulo n'kulira. Munthu amene ndinamugonthetsa ankaimba wezulo pokhulupirira khutu langa, osafunsa kawiri.

Patapita masabata angapo ndi pamene chinthu chija chinandilowa. Wosewera wina, bambo wa ndevu zake, anapingidwa pafupi ndi mzere wanga, kunja pang'ono kwa bokosi. Ndinamva fupa. A Chisale anaona okha, anatambasula manja, anakuwa kuti pitiriza, chifukwa mpira unali ukugubuduka patsogolo pake ndipo kutsogoloko kunalibe munthu. Iye anakhala pansi, anakweza manja, nkhope yonse ili kwa woyimbira. Ndinaona kuchokera kunja momwe zimaonekera. Mpira uli apo, ukuyenda pang'onopang'ono, ukudikira mwini wake, mwini wake ali kalikiliki kudandaula. Ndinaiwala kuti ndine wa mbendera. Ndinakuwa kuti, "Dzuka, chitsiru iwe, mpira uli apo!" Anthu anaseka, a Chisale anandidzudzula pa hafu. Koma ine ndinadziwa amene ndinkamukuwira.

Tsopano mvetserani, chifukwa ichi ndi chokhacho chimene ndabwera nacho, ndipo sindibwereza.

Ine ndinkakhulupirira kuti Mulungu sanaone. Sanaone pamene ankandichotsa sukulu anzanga opusa kuposa ine akupitiriza. Sanaone bambo akutsokomola magazi m'munda wa munthu wina. Sanaone penate. Kapena anaona, koma ali mbali ya eni nthaka. Ndiye ndinakhala pansi, manja m'mwamba, kudikira kuti aimbe wezulo, aimitse dziko lonse, anene pamaso pa anthu kuti Fanuwelo anamulakwira. Ndinati sindidzuka mpaka ailize. Ena a inu mwakhala chomwecho. Wina anakulanda munda wa mayi ako. Wina anakuchotsa ntchito popanda chifukwa. Mkazi anapita ndi wa galimoto. Sindikutsutsa. Anakupingadi, fupa linalira, inenso ndikanakweza mbendera.

Koma wezulo ikapanda kulira sindiye kuti woyimbira sanaone. Nthawi zina waona, watambasula manja, akukuwa kuti pitiriza, chifukwa akuona mpira umene iwe sukuuona poti maso ako ali pa iye. A Chisale si Mulungu. Iwo anachita mantha, anavomera okha. Mulungu saopa khamu la anthu, ndipo zimene anaona adzaziweruza nthawi yake, wokupinga uja sadzathawa. Kuti adzaimba liti, sindikudziwa, ndipo musandifunse chifukwa chake amachedwa, inenso zimandinyansa. Chimene ndikudziwa ndi chakuti tsiku limene ndinakhala pansi, mpira unali pamwendo. Bambo anali ndi dzina labwino. Mayi anali pafupi. Miyendo inali yolimba, mapapo ali bwino. Zonsezo ndinazisiya zikugubuduka mpaka wina anazimenyera kutchire, ndipo wina ameneyo ndinali ine ndemwe. Yesu sanandipeze ndi mkokomo kapena maloto. Ananditumizira nkhalamba yogontha khutu limodzi ndi kansalu kofiira.

Mufuna kudziwa kuti ndinadzuka bwanji. Palibe zodabwitsa.

Ndinachoka pakhonde la chigayo. Munthu sungasiye kachasu ukugona pamene fungo lake limafika. Mlimi wina wa mpingo uno anandipatsa kanyumba kosungiramo makasu, ine n'kumamugwirira ntchito m'munda mwake, kuthyola fodya, kusoka, kupachika. Poyamba sankandisiya ndekha m'chigafa. Sindinakwiye, inenso sindikanadzisiya.

Tsiku la msika sindipita pa Santhe ndekha, mpaka lero. Ndikafuna sopo ndimatuma kapena ndimapita ndi munthu. Mukuona ngati ndi zachibwana, koma ine miyendo yanga ndimaidziwa kumene imakhotera.

Ndimadya m'mawa, ngakhale mbatata yozizira. Njala ndi ludzu la mowa zimabwera ndi nkhope imodzi, ukakhala wopanda kanthu m'mimba sungazisiyanitse.

Ndinagwa kawiri, kubwerera ku kachasu. Kachiwiri ndinasowa masiku asanu, Loweruka linadutsa. A Chisale anaika wina kumzere monga ananenera, ndipo sanandifunefune. Nditabwera Loweruka linalo anangondipatsa kansalu n'kunena kuti, "Uja samva. Kona ziwiri tinaphonya." Basi. Mukagwa, musakhale pansi kuti muyambe kulira za kugwako, kumeneko ndi kugwa kwachiwiri. Bwererani Loweruka.

Kupemphera ndimapemphera, koma mwachidule. Ndilibe mawu ambiri ngati akuluakulu a mpingo. M'mawa ndimati, Ambuye, mwaona, ndikupitiriza. Madzulo ndimati, lero sindinamwe, zikomo. Tsiku lina ndimanena mokwiya. Sanandikanthepo chifukwa cha zimenezo.

Chovuta kuposa zonse chinali kubwerera ku esiteti. Ndinapita masana, ndinamupeza kapitawo yemwe uja akuyang'anira anthu osankha fodya. Ndinanena pamaso pa onse kuti fodya uja ndinkaba ndine, bambo anangondisenzera. Kapitawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tinkadziwa. Ndiye ukufuna titani?" Panalibe chimene akanachita. Pamalo pathu pali banja lina, chigafa chathu anachigwetsa n'kumanga china. Ndinabwerako wopanda kanthu. Komabe matenanti akale amene analipo anamva, ndipo dzina la bambo linatsukidwa pamaso pa anthu asanu ndi mmodzi. Ndi ochepa, koma ndi amene ndinawapeza.

Mayi ndimalankhula nawo pa foni ya mlimi uja. Amafunsa ngati ndikudya. Bambo akadali moyo, chifuwa chikadalipo. Mayi akawapatsa foni amakana. Ulendo watha ndinawamva chapatali akufunsa kuti, "Akumwabe?" Mayi anati ayi. Iwo anati, "Tiona." Mawu amenewo ndi okhawo amene ndalandira kwa bambo anga m'zaka zitatu, ndipo sanali kulankhula ndi ine. Musaganize kuti ukadzuka zonse zimabwerera. Khutu la a Chisale silinabwerere.

Chiletso changa chinatha chaka chathachi. Timu ya matenanti ija inabalalika kalekale, mukudziwa kuti tenanti sakhalitsa malo amodzi. Amene ananditenga ndi timu ya achinyamata a mpingo uno. Kochi wake, amene wakhala pakhomo apoyo ngati sakumva, anandiuza kuti ndiyambe ndathamanga miyezi itatu m'mawa uliwonse, akaona ngati mapapo alipo. Ndinathamanga, kusanza m'mbali mwa msewu, kuthamanganso. Mwezi watha anati pa mpira wochezerana ndi mpingo wa kutsidya kwa dambo andipatsa mphindi makumi awiri zomaliza. Ananena pamaso pa timu yonse.

Tsikulo linafika. Nsapato ndinabwereka, zinali zazikulu, ndinaikamo mapepala. Hafu yoyamba yonse ndi theka la yachiwiri ndinali kumzere ndi kansalu kanga. Nthawi itakwana ndinapatsa wina mbendera n'kulowa. A Chisale anandiyang'ana n'kunena kuti, "Usewerere kumanja kwanga, ndizikumva ukamatukwana."

Sindinali Fanuwelo wakale. Mpira woyamba unandidutsa pansi pa phazi. Wachiwiri ndinapatsira mdani. Miyendo inkafika mochedwa pamene mutu unafika kale. Wachitatu ndinaugwira bwino, ndinatembenuka, ndipo wotchinga kumbuyo wawo, mnyamata wonenepa wosadziwa n'komwe mbiri yanga, anandipinga kuchokera kumbuyo. Ndinagwa zenizeni, chibwano pansi, dothi m'kamwa. Sindinayang'ane kwa woyimbira. Ndinadzuka n'kuuthamangira. Unali utapita kale, wina anali ataufikira. Palibe chigoli, palibe kuwomba m'manja, palibe amene anaona kuti pachitika kanthu. Ndinalavula dothi n'kubwerera pamalo panga.

Kenako kumwamba kunada mbali ya kumadzulo, kunabwera chimphepo cha mvula chija mukuchikumbukira, chimene chinasasula madenga. Uno ndi mwezi wa fodya m'chigafa, ndipo aliyense pabwalopo, osewera, ochemerera, kochi, woyimbira yemwe, anali ndi masamba opachika pansi pa udzu ndi pulasitiki. Palibe anadikira wezulo. Bwalo linatha anthu ngati mwagwa njuchi, goloboyi anathawa atavala magolovesi. Inenso ndinathamangira chigafa cha mlimi wanga, nsapato zobwereka zili m'manja, ndipo tinakwera padenga awiri kugwira pulasitiki mpaka mphepo inatha. Fodya tinapulumutsa.

Ndinasewera mphindi zisanu ndi ziwiri. A Chisale anayang'ana wotchi asanathawe, ndi mboni. Kuyambira tsiku limenelo mvula sinatipatse mpata, ndipo kochi akuti tidikire fodya apite ku okushoni. Ndikudikira, koma ndikudikira choimirira, ndipo Loweruka likubwerali mundipeza kumzere ndi kansalu pa mpira wa matimu ena.

A kochi, musayang'ane kunja, ndikunena inu. Munalonjeza makumi awiri pamaso pa anthu, ndipo lero ndanena m'nyumba ya Mulungu kuti mpingo wonse umve. Kwatsala mphindi khumi ndi zitatu.